SAFUNSA ANADYA PHULA

Anthu a m'boma la Rufunsa amene amayenda pa mseu wa Great East Road awadziwa bwino ogulitsa amene amakwera m'mabasi atanyamula timapaketi ta mankhwala ocokera kunja. Pakati pa malonda otere pamapezeka muzu wa ku China, dzina lake ginseng, ndipo amati ucilitsa nthenda iriyonse.

Ife sitinyoza muzu umenewu. Anthu a ku China akhala akuumwa kwa zaka mazana ambiri. Umakhwima patapita zaka 4 mpaka 6 m'nthaka, ndipo amaupatsa munthu wofooka kapena amene wangocira kumene. Koma sucilitsa malungo kapena cifuwa ca TB, ndiponso sungalowe m'malo mwa ma ARV.

Muzuwu uli ndi zoopsa zake. Umasowetsa tulo. Umatsitsa shuga m'magazi, kotero wodwala matenda a shuga amene ali kale pa mankhwala akhoza kukomoka. Umasokonezanso warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Amai apakati, oyamwitsa ndi ana asaumwe.

Coopsa koposa ndi ici: muzu ukasinjidwa n'kukhala ufa, palibe angauzindikire ndi maso. Pakati pa 1990 ndi 1992, ku Belgium, akazi ofuna kucepetsa thupi anamwa mankhwala m'mene muzu wapoizoni wa Aristolochia unalowa m'malo mwa wina wofanana nawo dzina. Oposa 100 anaonongeka impso, ena anadwala khansa. Ngati izi zinacitikira anthu olandira mankhwala kwa madokotala, nanga wogula m'basi adzamuteteza ndani?

Mankhwala a ku China akayesedwa amapulumutsa miyoyo. Coartem, amene dziko lathu linasankha mu 2002 kuti azicilitsa malungo, mbali ina amacokera ku citsamba ca komweko. Kusiyana kwake ndi kwakuti anapimidwa ndipo muyezo wake udziwika.

Cotero tipempha bungwe la ZAMRA, limene lamulo la 2013 linalipatsa nchito yoyang'anira mankhwala, kuti lifike ndi kumidzi komwe. Tipemphanso Mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda pamodzi ndi anyakwawa awo kuti acenjeze anthu pa misonkhano.

Ndipo inu owerenga, musanamwe, tengani paketiyo mukaionetse ku cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya kapena ku kiliniki yapafupi. Ndalama ya cimanga ikatayika idzabwera caka camawa, koma impso zikaonongeka sizibwerera.