Fano Limene Tabisa M'thumba

Kawirikawiri abale athu a mipingo ina amatiloza chala kuti ife Akatolika timapembedza mafano, chifukwa m'tchalitchi mwathu muli chithunzi cha Amayi Maria ndi mtanda wa Ambuye. Yankho lake ngakhale ana a katekeze amalidziwa: chithunzi timachilemekeza chifukwa cha mwini wake, koma wopembedzedwa ndi Mulungu yekha. Tsoka lake n'lakuti tikapambana mtsutso umenewu timabwerera kwathu mtima uli m'malo, ngati kuti lamulo loyamba talisunga kale, pamene fano lenileni tayenda nalo m'thumba.

Tikumbukire mmene mwanawang'ombe wagolide anabadwira, m'buku la Eksodo mutu 32. Mose anakhala pa phiri la Sinai masiku 40, ndipo anthu anatopa ndi kudikira. Aroni anasonkhanitsa ndolo zagolide nazisungunula, kenaka analengeza chikondwerero m'dzina la Chauta yemweyo. Onani bwino, abale: anthuwo sanadzione ngati otaya Mulungu. Anangofuna mulungu wosachedwa, wooneka ndi maso, woti azimunyamula ndi kumulamula. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, amene Papa João Paulo II anatipatsa mu 1992, pa nambala 2113 amachenjeza kuti ndalama, ulamuliro, zosangalatsa thupi, fuko ndi boma zingathe kukhala pa mpando wa Mulungu. Kwathu kuno mpandowo walandidwa ndi zinthu zitatu.

Choyamba ndi kabotolo. Mkristu amene walandira Ukaristia Lamulungu m'mawa, madzulo ali pamzere kwa mneneri wogulitsa mafuta ndi madzi odzozedwa, kabotolo kalikonse ndi mtengo wake wa metikali. Malonda amenewa ndi akale. Simoni wamatsenga wa ku Samariya anapereka ndalama kwa Atumwi kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, ndipo Petro anamudzudzula koopsa. Kodi chimene Petro anakana kugulitsa, mneneri wa pa msika wachitenga kuti?

Chachiwiri ndi telefoni. Anyamata athu, ndi madoda omwe, akubetcha pa mpira wa maiko akutali usana ndi usiku. Munthu sakumbukira Mthenga Wabwino umene wawerengedwa pa Misa, koma osewera a timu imene waikapo ndalama amawatchula onse ndi maina. Ansembe alikulalika, iye maso ali pansi pa benchi. Fano limeneli lili ndi nsembe zake, maola ake a mapemphero, ndi lonjezo la chipulumutso cha mawa limene silifika.

Chachitatu n'chochititsa manyazi, pakuti n'chathuchathu. Korona ili m'khosi chaka chathunthu osapempheredwa, yasanduka chithumwa. Madzi odalitsidwa tikuwaza pa geni monga mmene ena amawazira mankhwala a sing'anga. Chopereka cha Misa tikuchiyesa mtengo wogulira chisomo, ndipo pempho likachedwa kuyankhidwa timadandaula ngati wogula wonyengedwa. Katekisimu yemweyo pa nambala 2111 amaphunzitsa kuti kudalira maonekedwe a chinthu chopatulika popanda kutembenuka mtima ndi chikhulupiriro chopotoka.

Ena adzati: "Akatekista, mukuyankhula chonchi chifukwa mwakhuta." Ayi, nafenso ndife alimi. Tikudziwa mtengo wa thumba la feteleza, tikudziwanso kuwawa kofika ndi mbatata pa msika wa Ulongwe, wogula n'kukhala amene akutchula mtengo. Umphawi ndi umene ukutikakamiza kuyankhula, chifukwa fano limayamba kudya wosauka. Ndolo zimene Aroni anasungunula zinachotsedwa m'makutu mwa akazi ndi ana. Lero ndi chimodzimodzi: ndalama ya kabotolo ndi ya kubetcha ndi ija inayenera kugula mbewu, makope a mwana ndi mankhwala a mayi. Mneneri wagula galimoto, wodwala akadali pamphasa.

Kwarezima ili ndi masiku 40, ofanana ndi amene Aisraele analephera kudikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisanapite kukalapa, aliyense adzifunse mafunso awiri: mwana atadwala usiku, tinathamangira kuti poyamba? Nanga ndalama za zokolola za chaka chino zinathera pa guwa la yani? Chimene tiyankhe, tikachinene momveka kwa ansembe, ndipo kabotolo kaja tikasiye kunja.