Chipondamthengo cha Atolankhani

Adzukulu anga, kuno kwa Likoswe chipondamthengo chidali kangachepe kopatsa sing'anga asanalowe m'thengo kukakumba mankhwala. Munthuyo ankapondadi minga. Lero mawuwa adawalanda atolankhani, nkumatchulira envulopu imene wandale amawafumbatitsa pakutha pa msonkhano. Minga yake iti?

Sindikukana kuti atolankhani athu adaziona zakuda. M'nthawi ya Kamuzu, Daily Times ndi Malawi News zinkangovomereza nyimbo imodzi. Mu 2011 Bingu wa Mutharika adasayinira kusintha kwa gawo 46 la Penal Code, kupatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala. Aphungu atalifafaniza mu 2012, ine ndidaomba m'manja. Komatu lamulo loipa limaoneka, timalitchula ndi nambala yake. Envulopu ilibe nambala, ndipo palibe phungu angaifafanize.

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga dzanja lofumbata ndalama za nduna lidzatsina bwanji khutu la nduna yomweyo?

Inu a Media Council of Malawi, tiuzeni maina, a olandira ndi opereka omwe. Ife ogula nyuzipepala ku Limbe ndi kandalama ka penshoni tatopa nako kuwerenga nkhani zimene wina adalipirira kale.