Laptop yanu ya salaula siinafe, osaitaya

Imwe bamene munagula laptop ya second hand mu town, mvelani kuno. Pa 14 October 2025, Microsoft inaleka kusamalila Windows 10. Machine izayaka chabe monga masiku onse, koma ngati simunalembese ku ESU, ma update ya security yanasila. Bakawalala ba pa intaneti bakapeza kamboo kangenelo, kulibe ozavala. Ngati mumasungilamo ma CV olo kungenelamo mu bank, iyi nkhani ni yanu.

Muzakamba ati, "Nizaikamo Windows 11." Apa ndiye pali vuto. Ifuna ka chip ka TPM 2.0 na processor ya manje manje, monga Intel kuyambila 8th generation. Ma laptop yambili ya salaula ni yakudala kuchila apo.

Koma osathamangila kaloba. Kuli Linux, yamahala. Ubuntu anaiyamba ni Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Linux Mint nayo ioneka monga Windows, simuzasoba, ndipo LibreOffice imasegula ma file ya Word na Excel. Nchito zambili masiku ano, email, YouTube, Google Docs, zili mu browser, ndiye chifukwa chake Windows siilinso mfumu yeka.

Chenjelani chabe: Photoshop ilibe version ya Linux, so ba graphic designer ganizani bwino.

Enanu, sungani ma file yanu pambali, ikani Mint pa flash, muiyese musanachose Windows. Mukaikonda, ndalama ya laptop ija mugulile unga.