"Ndine mkazi chabe"? Anakuuzani ndani?

Asisi, mawu amene amatigwetsa kwambiri si a abwana kapena a chibwenzi ayi. Ndi aja timadziuza tokha: "Ine sindingathe, ndine mkazi chabe." Ndiye kalata yofunsira ntchito imangogona m'chikwama, pamsonkhano timangoti zii. Akatifunsa timati n'chikhalidwe.

Chikhalidwe chake chiti? Mukachoka ku Sharpevale kulowera ku Salima mumadutsa pa Mtakataka, kufupi ndi Mankhamba, likulu lakale la ufumu wa Maravi. Kalonga ankabadwa mwa Nyangu, ufumu unkadzera kuchikazi. Kukachisi wa ku Msinja, mvula ikavuta, anthu ankathamangira kwa Makewana. Kudera la Mtakataka komweko, Inkosi Theresa Kachindamoto anasiya usekilitale ku Zomba n'kudzalowa ufumu, ndipo anathetsa maukwati a ana mazanamazana, atsikana n'kubwerera kusukulu.

Sikuti zamakolo zonse n'zabwino. Kusasa fumbi n'nkhanza, ndipo mfumu yomweyi inaletsa. Koma mantha athu tisawatche mwambo.

Sabata ino aimbireni agogo, muwafunse mayina a amayi akuchikazi kwanu ndi zimene anachita. Mukatero, katumizeni kalata ija.