Mukhazikeni pansi musanamuonetse chithunzi

Ngozi ikachitika pa msewu wa M1 cha ku Mponela, zithunzi zimafika kwa Msakambewa ndi kwa Kasakula ambulansi isanafike pamalopo. Wina wajambula, wina watumiza pa WhatsApp, ndipo mayi amene akutsetsereka phiri ndi ndowa pamutu akuonetsedwa ndi mwana wake: "Amayi, taonani, si amalume awa?"

Khalidweli limandiwawa, chifukwa chithunzi sichithera m'maso. Chimatsikira mpaka m'miyendo.

Munthu woimirira sakhala chilili ngati mtengo. Thupi limayendayenda pang'onopang'ono, ubongo n'kumaliwongola potengera zimene maso akuona, zimene mkati mwa khutu mukumva ndi mmene mapazi apondera. M'chaka cha 2005, akatswiri a ku Rio de Janeiro, ku Brazil, anaimika anthu pa chipangizo choyeza kugwedezeka kumeneku n'kumawaonetsa zithunzi zosiyanasiyana. Pa zithunzi za anthu ovulala koopsa, thupi linkauma ndipo mtima unkagunda pang'onopang'ono. Mu 2010, Karin Roelofs ndi anzake ku Netherlands anapeza zofanana pongoonetsa anthu nkhope zokwiya.

Wokulira ku Dowa sangadabwe nazo. Tonse tinaonapo mwana ali ndi chimanga chootcha m'manja, gule n'kutulukira mwadzidzidzi kuseri kwa nkhokwe. Mwanayo sathawa msanga. Amayamba wauma, pakamwa pali yasa, chimanga chili chigwirire, kenako ndiye liwiro. Koma gule amabwera ndi ng'oma, mudzi wonse umadziwa kuti lero kuli zilombo. Chithunzi cha pafoni chilibe ng'oma. Ndipo kuuma thupi pabwalo losalala n'kosiyana ndi kuuma pa kanjira koterera ka m'mphepete mwa phiri la Ntchisi m'mwezi wa Januwale, kapena pa njinga yamoto ya kabaza pamene wokwera watambasulira foni kutsogolo kuti woyendetsa naye aone.

Ndimaganizanso za anzathu a ku Dzaleka, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo mukukhala anthu othawa nkhondo ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Gulu la Roelofs lomwelo linapeza mu 2012 kuti amene anakumanapo ndi zoopsa amauma thupi kwambiri akaona zithunzi zotere. Timagula nawo malonda, tili nawo m'magulu a pafoni, koma sitifunsa zimene maso awo anaona kale.

Makolo athu analibe zipangizo zoyezera, koma uthenga wa maliro sankauponya pamsewu. Wotumidwa ankafika, kupempha mphasa, kudikira mayi atule mtolo wa nkhuni, kulonjerana, n'kuyamba ndi mawu oti matenda akula kumudzi. Pofika ponena kuti atisiya, munthu amakhala ali pansi kale, anzake ali pambali okonzeka kumugwira. Ena amati kumeneko n'kuzungulira. Ine ndimati n'kudziwa thupi la munthu, ndipo foni siyenera kutilanda mwambo umenewu.

Choncho mukafika pa ngozi, foni igwire ntchito yoitana thandizo. Chithunzi cha mtembo chikakupezani pagulu, chithere kwa inu. Ngati pali wachibale amene ayeneradi kuchiona kuti azindikire munthu wake, muuzeni ndi pakamwa poyamba, atule katundu, akhale pansi, ndipo musamusiye yekha.