Chipinda chatsopano chiyambe ndi waya womangira denga

Chaka ndi chaka, soya ndi nshawa zikagulidwa, mauvuni a njerwa amafuka m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Ambiri a inu amene munaphunzira pano mukuwonjezera chipinda pa nyumba, ena cha ana amene akula, ena chosungiramo mbewu. Zimenezi n'zokondweretsa. Pempho langa ndi lakuti ndalama yoyamba ipite ku zinthu zogwira denga, penti ndi magalasi zibwere pambuyo.

Mu Novembala wathayu ndinachezera mlimi wina wa ku Sinda amene anaphunzira nafe. Chipinda chake chinali chitangotha miyezi iwiri pamene mphepo yotsogolera mvula yoyamba inanyamula denga lonse, malata pamodzi ndi mitanda, n'kukalitaya m'munda. Feteleza ndi mbewu ya chimanga zinanyowa usiku womwewo. Misomali inali yolimba ndithu, koma mitanda anangoikhazika pakhoma n'kuimata ndi dothi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphepo ikamadutsa pamwamba pa nyumba imakokera denga m'mwamba, ndipo ikalowa pakhomo kapena pansi pa khonde imalikankha kuchokera pansi. Miyala ndi matayala zimene timasanjika pamalata sizingapirire mphamvu yotere, ndipo zikagwa zimavulaza anthu. Denga liyenera kumangidwa kukhoma. Ikani waya wokhuthala m'khoma kukali mizere inayi kapena isanu ya njerwa kuti lithe, kenaka muuzengeze pa mtanda uliwonse. Amene angakwanitse athire ring beam ya simenti ndi zitsulo, waya achokere m'menemo. Polumikizira khoma latsopano ndi lakale, njerwa zilowane ngati mano, chifukwa mng'alu umayambira pamenepo. M'mphepete mwa denga ndi m'makona khomani msomali pa msana uliwonse wa lata, pakuti mphepo imayamba kusenda pamenepo. Pogula malata kumbukirani kuti nambala ya geji ikakula, lata limapyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32.

Kutentha nakonso n'kofunika kukulingalira. Malata opanda siling'i amasandutsa chipinda kukhala ng'anjo m'mwezi wa Okutobala. Ana amalephera kugona, ndipo mbewu yosungidwa motentha, makamaka ya soya, imataya mphamvu yomera. Siling'i ya mphasa za bango kapena ya nsungwi imachepetsa kutenthako pa mtengo wochepa. Siyaninso timabowo ta mpweya pamwamba pa makoma oyang'anizana.

Ena adzati zonsezi ndi ndalama, ndipo ya zokolola siichedwa kutha. N'zoona. Koma mtengo wa waya ndi misomali yowonjezera ndi waung'ono poyerekeza ndi kugulanso malata ndi feteleza nthawi yobzala, m'thumba mulibe kanthu. Ngati ndalama yachepa, mangani chipinda chaching'ono cholimba, kapena dikirani zokolola za chaka chamawa.

Amene akumanga pa boma ayenera kupereka pulani ku khonsolo asanayambe, monga likufunira lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015. Kumudzi sikawirikawiri munthu wa khonsolo kudzaona mmene denga lamangidwira, choncho udindo wonse uli pa mwini nyumba. Lemba la Deuteronomo 22:8 linalamula Aisiraeli kutchinga m'mphepete mwa denga la nyumba yatsopano kuti munthu asagwe, ndipo mlandu wa ngozi yotere unali pa nyumbayo. Lata louluka m'mudzi modzaza ana ndi mpeni, ndipo mwini wake ali ndi mlandu wofananawo.

Alimi anzanga, tsiku limene mmisiri akukhazika mitanda musapite kudimba. Imani pomwepo, muone ndi maso anu kuti mtanda uliwonse wamangidwa ndi waya lata loyamba lisanakwere.