Opareshoni isayambe okosijeni ali woperewera

Mukamva kuti opareshoni ya mwana wanu yaimitsidwa chifukwa okosijeni wachepa, musafulumire kukalipira adokotala. Makina ogonetsa wodwala amasakaniza okosijeni ndi nthunzi ya mankhwala ogonetsa, monga isoflurane, n'kutumiza mpweyawo m'mapapo mwake. Munthu akagona tulo totere kupuma kwake kumafooka, ndipo mpweya wamba, womwe uli ndi okosijeni 21 peresenti yokha, nthawi zambiri sumukwanira.

Okosijeniyu amachokera m'mapaipi, m'masilinda kapena m'makina omusefa mumpweya, omwe amaima magetsi akathima. N'chifukwa chake silinda yodzaza iyenera kukhala pambali nthawi zonse, ndipo dokotala wokana kuyamba popanda silindayo akuteteza mwana wanu.

Dandaulo lanu lipite koyenera. Pamsonkhano wa komiti ya chipatala, funsani za masilinda apadera ndi mafuta a jenereta.